Oimba a pakhoma la Esnati

Tinalipo atatu pakhonde kuno ku Tukombo: ine, msuweni wanga Esnati, ndi mdzukulu wanga Tamara, amene ankaonera pafoni nyimbo zimene zatsogola sabata ino. Fungo la phala la chinangwa litatipeza, ndinakumbukira magazini ya oimba imene amalume, bambo ake a Esnati, anabwera nayo kuchokera ku Joni tili ana.

Anaipereka kwa mwana wawo yekha. Ine anandituma kuphika phala lomatira zithunzizo pakhoma. Pa zithunzizo panali mayi wina wa ndolo zikuluzikulu amene ndinkamufuna kwambiri, pakuti ndinkakhulupirira kuti oimba a pawailesi amaimbira munthu amene ali ndi chithunzi chawo.

"Esnati, ndigawireko mmodzi yekha."

"Wako ndi uyu," anatero, n'kundipatsa tsamba lotsatsa sopo.

Chaka chisanathe, mphemvu zinadya phala lija pamodzi ndi nkhope zonse. Tsamba langa, limene ndinabisa m'Baibulo la amayi, lilipobe.

Nditamukumbutsa zimenezi, Esnati anaseka. "Komabe ankaimbira ine, osati iwe."

Mawu amenewo akundiwawabe pa ukalamba uno. Tamara, usunge nkhaniyi monga ndaikambira ine, osati monga adzaikambire agogo ako enawa.