Mawu Anga pa Nambala ya a Telala

Nditafika ku Khombedza kudzaphunzitsa, sipanathe miyezi itatu anthu anali atandipatsa kale ntchito ina imene boma silinanditume: kuona mafoni awo. Kutsegula mkati sindinkatsegula, zimenezo ndi za akatswiri a pamsika. Zanga zinali za pagalasi. Foni ikadzaza, ikayamba kudya bandulo ngati mbuzi yolowa m'dimba, kapena mwini wake akaiwala pasiwedi, ankauzidwa kuti, "Pitani kwa madamu a Sitandade 7." Ndisaname, zinkandikomera.

Pakamwanso sindinkachepa. Nthawi yopuma mu ofesi ya aphunzitsi ndinkakhala ndi maganizo pa chilichonse. Ndinkawerenga nkhani za mafoni atsopano otuluka kunja, oti sindidzawagwira mpaka kufa, n'kumaweruza kuti iyi kamera yake ndi yachabechabe, iyo batire yake ndi yabodza. Ndinkatsutsana ndi aphunzitsi aamuna za magemu a mpira amene ndinangowaona pa kanema. Mnzanga wina ankati Mulungu anafuna kulenga wailesi, dothi litatsala n'kulenga ine. Koma nkhani ikafika pa ndale ndinkameza malovu. Ahedi anali atatichenjeza kuti wogwira ntchito m'boma salowa ndale poyera, ndipo tonse tinkadziwa mmene kalata yosamutsa munthu imabwerera. Ine ndinali ndekha ndi ana awiri, onse akuphunzira pasukulu pomwepo. Sindinkafuna kukaponyedwa kumene netiweki umaipeza utakwera pachulu.

Nyumba imene ndinkachita lendi inali ya bambo wina wachikulire wosoka zovala. Mashini awo ankakhala pakhonde moyang'ana msewu, ndipo aliyense ankangowatchula kuti a telala. Anali Msilamu wofatsa, wa mawu ochepa. Lachisanu ankaphimba mashini n'kupita kumzikiti, masiku ena onse ankangopalasa. Anthu akakangana m'banja ankabwera kudzakhala pa benchi lawo. Sindinawamvepo akunyoza munthu, ngakhale amayi aja obwera ndi nsalu ya mamita awiri n'kumafuna diresi, mpango ndi kasiketi ka mwana.

Mwana wawo wa ku Joni atawatumizira foni yamakono, anabwera nayo kwa ine ataikulunga m'kansalu.

"Aphunzitsi, chinthu ichi chilibe mabatani," anatero. "Ndikachikhudza chikuthawa."

Ndinawakonzera zonse. Iwo ankangofuna chimodzi, kumva mawu a zidzukulu zawo. Kuwerenga kunkawavuta, manambala a pa tepi yoyezera ndi amene ankawadziwa bwino. Ndinawaikira bawo ya pafoni, anasewera kawiri n'kuileka, ati mdani wosaseka ndi wosadandaula ndi wotopetsa. Ndinawalowetsanso m'gulu la pafoni la anthu a m'dera lathu, mmene mumalengezedwa maliro, mbuzi zosowa ndi misonkhano, koma sanatsegulemo n'kamodzi komwe. Masana alionse ankandisiyira foniyo kuti ndiitchaje pa sola yanga.

Kenako chinafika chaka cha chisankho. Kuseri kwa sukulu yathu kuli khwawa limene limadzaza nthawi ya dzinja, ndipo ana a m'midzi ya tsidya linalo amajomba mwina sabata yathunthu. Bambo wina mwini chigayo, amene ankafuna ukhansala, anachititsa msonkhano pabwalo la mpira. Analonjeza mlatho, monga analonjezera ulendo wapitawo, n'kugawa zitenje ndi malaya. M'mawa wa tsiku limenelo theka la kalasi langa linali mabenchi okhaokha chifukwa cha khwawa lomwelo. Ndinabwerera kunyumba mtima ukuwira. Patebulo panali mafoni awiri, yanga ndi ya a telala.

Sindinganamizire Satana. Ndinaganiza bwinobwino. Ndinati a telala sanalembedwe ntchito ndi munthu, palibe angawasamutse, ndipo m'gulumo salowamo. Ndinatenga foni yawo n'kulemba kuti, "Chitenje sichiwolotsa mwana pakhwawa. Tikufuna mlatho, nsalu tili nazo." Nditatumiza ndinafufuta uthengawo mufoni yawo yokha, kwa ena onse unatsala.

Gulu linatekeseka. "A telala alankhula!" "Akulu akatere ndiye kuti zafika pena." Mawu amenewo akanachokera kwa ine, anthu akanati ndi mwano wa kamphunzitsi kobwera. Pochokera kwa munthu wamkulu amene sanakanganepo ndi wina, anamveka ngati chigamulo. Mu ofesi aphunzitsi anzanga ankawerengerana mokweza, ine n'kumagwedeza mutu kuti, "Madalawa ndi anzeru." Ndinalembanso kachiwiri, za mankhwala, ndi kachitatu, za misewu. Anthu podutsa pakhonde ankakuwa kuti, "A telala, mwayamba ndale!" Iwo ankangoseka, poganiza kuti akuwanena chifukwa chosoka zitenje za zipani zonse.

Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Ulendo wachinayi sindinalembe za mlatho. Ndinalemba za munthu. Ndinati amene sikelo ya pachigayo chake imanama sangalankhule zoona pabwalo, ndipo ndinaonjezapo za mimba yake, kuti ikukula ndi madeya a amayi osauka. Za sikeloyo ndinalibe umboni uliwonse, ndinangomva mayi wina akudandaula pamjigo. Anthu anajambula uthengawo n'kuutumiza m'magulu ena, mpaka unafika ku Salima pa boma.

Ine ndinkadziwa foni imene ituluke kunja mwezi wamawa, koma sindinkadziwa kuti pa Khombedza ndani ndi malume a ndani. A telala anali ndi mwana wa malemu mchemwali wawo, mtsikana amene anamulera okha kuyambira ali wamng'ono mpaka anapeza ntchito m'sitolo ina pa boma. Ndinkadziwa kuti mtsikanayo wapeza banja, ndipo diresi lake laukwati linali litapachikidwa kale kuseri kwa mashini, manja asanalumikizidwe. Chimene sindinafunse n'chakuti mnyamatayo ndi wa kwa yani. Anali mwana wa mchemwali wa mwini chigayo uja. Ndiye kuti nkhoswe ya kuchikazi inali a telala, nkhoswe ya kuchimuna inali munthu amene ndinamutukwanayo, ndipo awiriwa ankayenera kukhala pamphasa imodzi kumanga banja la anawo.

Loweruka lina m'mawa a telala anavala jekete ndi kofia yoyera kupita kukakambirana za ukwatiwo. Dzuwa lisanafike pamutu anali atabwerako. Analowa m'nyumba osayang'ana mashini. Akazi awo ndi amene anandiuza pampanda, ndikuyanika zovala.

"Awabweza," anatero. "Akuchimuna akana kukhala nawo. Ati munthu wotukwana malume a mkamwini pafoni sangagwire banja la ana. Ati tipeze nkhoswe ina, apo ayi ukwati uthere pomwepo. Koma madamu, bambo anuwa angalembe chiyani? Ngakhale dzina la kasitomala amandifunsa ine."

Malaya amene ndinagwira anagwera pansi. Ndinawatola, n'kunena kuti, "Zachilendo zedi."

Masana a tsiku lomwelo a telala anagogoda pakhomo panga. Anakhala pampando, n'kuika foni patebulo. Wachibale wina anali atawatumizira zithunzi za mauthenga onse anayi.

"Aphunzitsi, akuti ndalemba," anatero. "Tandiwerengerani zimene ndalembazo, nane ndizimve."

Ndawerengapo zinthu zambiri mokweza pamaso pa anthu, koma palibe chimene chinandilemera ngati chimenecho. Ndinawerenga za chitenje, za mankhwala, za misewu. Nditafika pa sikelo, ndinaima.

"Pitirizani," anatero.

Ndinapitiriza mpaka pa mimba ndi madeya. Iwo anatseka maso pang'ono.

Apa ndi pamene ndinayenera kugwada. M'malo mwake ndinatsegula pakamwa panga paja. Ndinawauza kuti masiku ano kuli akuba a pa intaneti, amalowa mufoni ya munthu ali ku Lilongwe ngakhale kunja kwa dziko. Ndinati vuto ndi lakuti foni za ku Joni zimabwera ndi mapulogalamu akale, zimafunika kuzikonzanso, ndipo pasiwedi yawo inali yofooka, pasiwedi imene ndinaika ndine. Ndinalankhula nthawi yaitali. Nzeru zonse zimene ndinkanyadira mu ofesi ndinazigwiritsa ntchito kunamiza munthu wosadziwa kuwerenga amene ankandisungira ana ndikapita ku boma.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Akuba akunjawo ndi akhama," anatero. "Akudziwa ndi khwawa lathu lomwe."

Anaimirira, anatenga foni yawo, anapempha tchaja chake, n'kutuluka. Kuyambira tsiku limenelo ankatchajitsa kumsika.

Patapita masiku awiri anapita kwa mwini chigayo pamodzi ndi shehe wa pamzikiti wawo, atanyamula tambala. Akazi awo anandiuzanso pampanda pomwe paja, koma ulendo uno sankandiyang'ana kumaso. A telala sanatchule za akuba. Sanatchule munthu wina aliyense. Anangoti, "Foni ndi yanga, nambala ndi yanga, ndalakwa." Munthu wa imvi anakhala pansi pafumbi, pamaso pa ogaitsa chimanga, kupepesa mawu amene anachita kuwerengeredwa. Mwini chigayo analandira tambalayo ndipo anavomera kuti ukwati upitirire. Koma pa unkhoswe anakanitsitsa. Udindowo unapita kwa msuweni wina wa pa boma, amene mtsikanayo ankangomuona pamaliro.

Ndinakhala sabata yonse ndikuzemba khonde, kutuluka ndi kulowa kudzera kuseri. Kenako ndinalephera kupirira. Ndinawapeza akulumikiza manja a diresi lija.

"Abambo," ndinatero, "zija ndinalemba ndine."

"Ndikudziwa," anatero, mwendo osachoka pa chopalasira.

"Nanga bwanji simunanene?"

"Mukanalowera kuti ndi ana awiri pakati pa teremu?" Anadula ulusi ndi mano. "Za mlathozo simunaname, mwanawe. Mukanandipempha, mwina ndikanakanena ndekha pamsonkhano. Koma za sikelo, munaiyeza inu?"

"Ayi."

"Basi. Ine sindikutchulani. Koma ukwati ukadali kutsogolo, ndipo pakamwa ndi panu. Kuchigayo mukukudziwa."

Anandipatsa mpata woyera. Ndikanangopita kwa mwini chigayo n'kunena kuti a telala alibe mlandu, mwina akanawabwezera pamphasa pawo. Ndinapitako kawiri, chimanga chili pamutu kuti ndisaoneke ngati ndabwerera nkhani. Ulendo woyamba ndinawapeza ali ndi anthu, ndinati si nthawi yabwino. Ulendo wachiwiri anali okha, atakhala pa thumba, ndipo anandipatsa moni mwaulemu, kundifunsa za ana asukulu. Ndinaona kalata yondisamutsa m'maso mwanga, ndinaona ana anga akukwera lole ndi matilesi. Maulendo onse awiri ndinabwerera ndi ufa wokha.

Anthu amanditchula wolimba mtima chifukwa ndimalankhula kwambiri. Ndine wamantha, ndipo ndinazidziwa tsiku limenelo ndikuyenda mumsewu ufa uli pamutu. Mpaka lero wina akandifunsa maganizo anga pa ndale, kapena foni imene agule, ndimayankha ndithu, pakuti chizolowezi sichitha, koma mkati mumandiyabwa.

Ukwati unachitika chisankho chitadutsa. Atamanga ukwatiwo kumzikiti, phwando linali pabwalo la sukulu yathu. Mtsikanayo anandipempha yekha kuti ndijambule kanema, poti foni yanga inali ndi kamera yabwino kuposa za onse. Sankadziwa kanthu, ndipo ndinavomera. Diresi linamukhala bwino kwambiri. Kutsogolo kunali tebulo la akwati ndi mipando ya ankhoswe, mwini chigayo mbali iyi, msuweni uja mbali inayo. A telala anakhala pa benchi la ana asukulu pakati pa anthu wamba, mzere wachinayi, atavala jekete lija.

Nyimbo zitaima, woyendetsa mwambo anakuwa pa chimkuzamawu kuti, "Tsopano nkhoswe ya kuchikazi, malume amene alera mwanayu, aimirire tiwaone!"

A telala anagwira mawondo n'kuyamba kudzuka. Anafika pakati. Kutsogolo msuweni uja anali ataima kale akukweza manja, anthu akuwomba m'manja ndi kululutira. A telala anakhalanso pansi pang'onopang'ono, n'kuyamba kukonza kolala ya jekete ngati ndi chimene anadzukira. Mkwatibwi anatembenuka kuwayang'ana, iwo anamumwetulira n'kumukodola kuti ayang'ane kutsogolo.

Ine ndinali nditaima masitepe atatu kuchokera pa benchi lawo, foni ili m'mwamba, ndipo ndinajambula zonsezo. Mawa lake, ndisanatumize kanemayo kwa akwati, ndinadula kachigawo kameneko.