Tsiku limene kompyuta inamudziwa nasi wathu

Ine lero ndiyimbe, ndiyimbe za makina a pa Boma!

Mankhwala anga a BP ndimatenga pa kiliniki yathu, ndipo popanda iwo sindiwoloka madzi, mutu umachita chizungulire. Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ku Zumbo, kutsidya kwa mtsinje. Atabereka mwana woyamba, ndinalawirira kukatenga mankhwala kuti ndikakwere boti. Nasi analemba dzina lake pa kompyuta, analemba mawu ake achinsinsi aja, basi kamkombero kanayamba kuzungulira pagalasi. Zungulire, zungulire! Akuti kompyuta ikufunsa ku Lusaka ngati nasiyu ndi wawo. Nasiyo ndi mwana tamuona akukula, koma kompyuta ikafunse kutali konseko! Boti linapita. Mdzukulu anatuluka m'chikuta ine kulibe, anamunyamula asewele anga, amake a mkamwini, ndipo mpaka lero amandinyodola nazo.

Wachiwiri atabadwa, ndinadziwiratu kuti kompyuta indichedwetsanso. Ndinatenga chitenje choyala pabenchi, mbatata yowotcha, masau m'thumba. Waboti ndinamuuza kuti, "Mwanawe, usandidikire. Malo anga upatse wina."

Ndalowa m'kiliniki. Nasi walemba dzina lake, tseguke! Walemba langa, ine uyo pagalasi, mudzi wanga ndi mankhwala omwe. Mbatata ikadali yotentha!

"Sisita, lero Lusaka wadzuka msanga?"

Anaseka. "Ambuya, manje sitifunsanso ku Lusaka. Anaika makina pano pa Boma odziwa tonse ogwira ntchito, uyu ndi nasi, uyu amaloledwa kutsegula zakuti. Kompyuta iliyonse imafunsa pomwepa. Nkhani za ku Lusaka makinawo amauzana okha, ife tikugwira ntchito."

Ndinaimba nthungululu m'kiliniki momwemo, odwala mpaka kutembenuka. Kenaka ndinakumbukira, malo anga a m'boti aja ndapereka!

Ndinathamanga ine, nkhalamba, patapata m'manja, masau akutayika m'njira. Kudooko boti analikankha kale, pamalo panga patakhala mayi wa matumba a nsomba zouma.

"Ambuya, si munati ndisakudikireni?"

"Ndinatero, mwanawe, koma makina andidziwa! Bwezera kuno!"

Anandikhazika pa thumba la ufa, mapazi m'madzi a m'boti, ine nyimbo pakamwa mpaka tsidya.

Ndinapeza asewele akukonza kale chitenje choti aberekere mwana.

"Aa, asewele, mwafika? Kompyuta yakumasulani?"

"Pumulani, asewele, msana wanu unatopa ndi woyamba uja."

Mwanayo anatuluka m'chikuta ali pamsana panga, kakufunda, kakununkha mkaka.