Edukeshoni ya Laiton

Laiton ndamudziwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, chibwerere kuchokera ku Tete ndi malume ake, a Raul, mutu uli zipere zokhazokha. A Raul ndi ine tinkapakira malasha m'ngolo, pansi pa mgodi kuno ku Wanki. Bamboyo ankadzimana kuti mwana wa mlongo wake aphunzire kwa ansembe. Laiton anamalizadi, nakhala mabalane, wolemba mayina a antchito mu ofesi ya komponi.

Kusukuluko anabwerako ndi liwu la Chizungu limene silichoka pakamwa pake: edukeshoni. Ine sukulu ndinangoilawa, choncho ndinakafunsa aphunzitsi. Anati ndiko kukhala m'kalasi, pamaso pa mphunzitsi, n'kumaphunzira kuwerenga, kulemba ndi masamu. Basi.

Kwa Laiton, tayi ndi edukeshoni. Kupereka moni kwa akulu manja ali m'thumba, edukeshoninso.

Mu 1954 a Raul anamwalira ndi chifuwa. Kumudzi wachibale sakumba manda, koma kuno ndife ochepa, aliyense amagwira. Ndinamupatsa Laiton fosholo.

"Madala, edukeshoni ndi fosholo siziyendera limodzi," anatero.

Amayi Felismina, amasiyewo, anayenera kuchoka m'nyumba ya komponi ndi kubwerera ku Tete. Pamanda pomwepo, tonse tikumva, Laiton anati: "Mwana wanu Emeliya musiyeni ndi ine. Januwale akayamba sukulu." Mayiwo anakwera sitima okha, mwana wawo mmodzi yekhayo atamusiya kuno chifukwa cha mawu amenewo.

Tsopano ndi 1958. Fumbi la malasha silisiya shati yoyera kufika madzulo, ndipo Laiton savala ina koma yoyera. Wochapa ndi Emeliya. Wosita ndi Emeliya. Anzake akamadutsa ndi masileti, iye amakhala akuuzira makala a m'simbi.

Lamlungu lapitali ndinamupeza Laiton pakhonde, Emeliya akusita pambali pake.

"Mwanayu sukulu liti?"

"Madala, kusita nakonso ndi edukeshoni. Madona a ku Baobab, kokhala Azungu kuja, amafuna mtsikana wodziwa simbi."

"Iwe a Raul anakutumiza kukasita?"

Anaseka. "Inu mwalowerera za pachisuweni. Si choncho, Emeliya?"

Mtsikanayo anangopitiriza kusita. Ine ndinalavula pansi n'kuchoka.

Aliyense wochokera ku Tete, amayi Felismina amamutuma kudzafunsa kuti mwana ali kalasi yanji. Laiton amayankha kuti akuchita bwino. Akandifunsa ine ndimanena zoona: Emeliya sadziwa kulemba dzina lake, ndipo kusukulu kumene Laiton analonjeza pamanda a malume ake sanamutumizebe.