Mphero ya Kuphiri

Mwana wanga woyamba atafika poyamba phala, ankangolilavula. Ufa wa kuchigayo unkatuluka wokhakhala, ndipo kusikelo anandiuza kuti mwanayo sakukwera. Alamu anga, alongo awo a bambo a mwana, anati tipeze mphero, tizipera mawere mpaka ufa usalale ngati phulusa. Koma kwathu ku Chikomeni minda ndi dothi lokhalokha. Miyala yabwino ili kumapiri, mbali ya ku Lukusuzi.

Tinapita ndi njinga, mwana ali kumsana. Mapiriwo ine ndinkangowaonera patali, sindinkadziwa kuti phiri limasintha ukamakwera. M'munsi dothi lofiira, kenako mchenga wonyezimira, kenako matanthwe akuda a mizere yoyera, yokhotakhota ngati wina anaipinda ikadali yofewa. Pena mwala woyera ngati mchere unadula thanthwe kuchokera uku mpaka uko. Ndinkangoima paliponse n'kumagwira. Ndinatola kamwala kosendeka ngati anyezi, kopyapyala moti dzuwa linkaonekera, ndipo pafupi panali chimwala chophwatalala, chowala thupi lonse.

"Alamu, bwelani muone! Tinyamule ichi."

"Inu mufuna mphelo kapena kalilole?" anaseka. "Icho chimanyenyeka. Mwana adzadya mchenga."

Anandionetsa mmene amayesera. Umadontheza madzi pamwala, kukwecha ndi mwala wina, n'kuika timadzito m'kamwa. Mchenga ukalira m'mano, usiye. Tinalawa miyala yambiri, ine kulavula, iwo kuseka.

Titafika pamwamba kutopa konse kunatha. Mapiri anandanda, lina kuseri kwa linzake, kenako dziko n'kutsetsereka kupita kuchigwa cha Luangwa. Timitsinje tonse tinkalowera komweko. Ndinamasula mwana kuti naye aone, koma iye ankafuna bere basi.

Potsika, m'mbali mwa kamtsinje kouma, ndinaona mwala wotuwa, wosakongola n'komwe. Ndinakwecha, ndinalawa. Mano anali zii. Alamu analawanso, n'kugwedeza mutu. Kamwala koperera tinakapeza pomwepo, kosalala ndi madzi.

Mwalawo tinaumanga pakaliyala ndi mphira, n'kumakankha njinga mosinthana mpaka kumudzi. M'mawa mwake ndinapera mawere, ndinasefa, n'kuphika phala lothira nsinjiro pang'ono. Supuni yoyamba mwana anaisunga m'kamwa akundiyang'ana. Kenako anameza, n'kuyasamulanso.