Zala zanga zitakana kumanga mfundo

Atandichotsa chithokomiro, adokotala anandichenjeza ndisanatuluke. Anati kuseri kwake kuli timinofu tating'ono tosamala kashiamu m'magazi, ndipo mpeni ukadutsa pafupi timanyanyala kwa kanthawi. Ine ndiye zonse zinandikumana: chotupa chinali chachikulu, anachotsa mbali zonse ziwiri, ndinali kuyamwitsa, komanso ndinkasoka makatani m'chipinda chamkati cha sitolo ina ku Old Town, dzuwa osaliona.

"Mukamva dzanzi m'milomo kapena m'zala, mubwere msanga," anatero.

Apongozi anga, amayi a bambo a kunyumba, anali pomwepo. Pa zonsezo iwo anatolapo liwu limodzi: kuyamwitsa.

"Mwanayu akukumwerani mafupa, make mwana. Dzanzi likangoyamba, ndikupita naye kumudzi akaleke bere."

Mwana wosayamba n'kukwawa komwe! Ndiye dzanzi litayamba ndinangoti zii. Tinkakhala ndi apongoziwo m'kanyumba ka kuseri ku Area 47, komwe bambo amasamala maluwa a bwana, ndipo m'menemo mulibe pobisala. Milomo ikamachita nyerere, ine ndinkaimba nyimbo za kwaya kuti asazindikire.

Tsiku lina ndikubereka mwana, zala zinangopindika ngati phazi la nkhuku yophika. Nsalu osamangika, mwana akutsetsereka. Apongozi anamuwakha.

"Imbanitu kwaya ija," anatero.

Tinathamangira minibasi. Kuchipatala ananditenga magazi, n'kundiika diripi, zala zinamasuka. Adokotala anandikalipira, ndipo zinandiyenera: akuti zikanafika pakhosi ndikanalephera kupuma. Ndinafunsa za bere. Anati mwana ayamwe, bola mapiritsi a kashiamu osadumphitsa, mkaka, usipa wodya ndi mitu yomwe, ndi kuothera dzuwa m'mawa.

Apongozi anali panja ndi mwana, sanamve. Ndinawafotokozera zonse mwaulemu, n'kuwonjezerapo kanga kamodzi.

"Atinso madzi ozizira ndisamakhudze. Makamaka ochapira matewera."

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Adokotala ake omwewa?"

"Omwewa, amayi."

"Ophunzira kwambiri eti."

Anakhala nafe mpaka magazi anga atakhala bwino. M'mawa uliwonse ine pampando padzuwa, kapu ya mkaka m'manja, mwana pabere. Iwo pampopi akufinya matewera, akuuza wantchito wa nyumba yoyandikana kuti mpongozi wawo ali ndi matenda a mabwana. Kumudzi anabwerera okha, mwana anatsala.