Tsiku Limene Ndinapezeka Kuwiri

Chaka cha mliri wa korona, yunivesite imene ndimagwirako ukalaliki inatiuza kuti tizigwirira ntchito kunyumba. Anzanga anatsala m'tauni. Ine ndinanyamula laputopu ya ofesi n'kubwerera kwathu ku Ngabu, kumene kuli mayi anga okalamba.

Lolemba lililonse a kuofesi ankatitumizira nkhani za ogwira ntchito pa imelo, zodzaza ndi malangizo anzeru. Pezani chipinda chozizira bwino. Ku Ngabu, mwezi wa Okutobala. Imwani madzi pafupipafupi. Apa pokha tinamvana. Langizo lina linkati tidziwitse anansi nthawi yathu ya ntchito kuti asatisokoneze. Amene analemba zimenezo ndikhulupirira anansi ake amangowadziwa mtundu wa geti.

Kwathu munthu wa pantchito amaoneka. Amakwera kabaza m'mawa, amabwera madzulo. Wokhala pakhonde atavala kabudula, maso ali pagalasi la laputopu, ndiye kuti anamuchotsa ntchito ndipo akuchita manyazi kunena.

Kuseri kwa nyumba yathu kunagwa maliro a bambo wina amene ankagulitsa nsomba ku Bangula. M'mawa wokumba manda unagundana ndi msonkhano wa pa intaneti, umene abwana analamula kuti aliyense apezekepo. Tchuthi cha maliro chinalipo, koma cha mkazi, mwana kapena kholo. Mnansi yunivesite siinkamudziwa.

Mkulu wa adzukulu anaima pampanda pathu, khasu lili paphewa.

"Akuluakulu a yunivesite, lero tikuonani kumanda?"

"Ndili ndi msonkhano."

"Kuti?"

"Pompano."

Anasuzumira pakhonde. Panali ine, mpando ndi nkhuku.

"Wakuladi msonkhanowo," anatero. "Pyadidi, zili bwino. Koma paja mayi akula. Tsiku lawo likadzafika mudzaitane a m'galasimo adzakumbe."

Sankaseka. Kwathu wojomba kumanda kwa anzake amadzakumba yekha, ndipo dothi la kuno m'chilimwe ndi mwala. Mayi anali pamkeka. Anamva zonse, anangondiyang'ana.

Nthawi itakwana ndinalowa mumsonkhano, ndinapereka moni mwaulemu, kenaka ndinazimitsa kamera ndi maikolofoni, monga tinkachitira tonse posunga bandulo. Laputopu ndinailowetsa m'nyumba n'kuisiya patebulo ikuyankhula yokha. Ndinatenga khasu.

Dzenje lisanafike m'chiuno manja anga anali atatuluka matuza. Mkulu uja anawagwira n'kuwaonetsa kwa anzake.

"Taonani, manja a bolopeni nawonso amatha kulira."

Anaseka onse. Sindinadandaule. Munthu akakunyoza pagulu kumanda ndiye kuti wakuona, ndipo ena onse ndi mboni.

Titamaliza kukumba ndinathamangira kunyumba, ndikukonza m'mutu bodza la netiweki. Silinafunike. Magetsi tsiku limenelo anaiwala kuzima, ndipo msonkhano unali usanathe. Ankakangana za mtundu wa makatani oti aikidwe mu ofesi imene munalibe munthu.

Ndisanasambe n'komwe, ndinamva abwana akundiitana.

"Akalaliki, mwakhala chete. Muli ndi choonjezera?"

Ndinapukuta chala pamalaya n'kuyatsa maikolofoni.

"Ayi bwana, ndagwirizana nazo zonse."

"Zikomo. Ena akanamamvetsera ngati inu, bwenzi titamaliza kalekale."

Ndinathokoza, ndinazimitsanso, n'kupita kukasamba, poti mwambo woika unali masana ndipo bokosi linkafuna onyamula.