Mtsiro wa m'khola la kamba

Amuna anga anabwera kudzakhala chikamwini kwathu kufupi ndi Nambuma, boma la chitaganya litangoyamba kumene. Anabwera ndi bulangete limodzi, khasu, ndi kamba wamoyo, wokulungidwa m'kathumba ka mchere! Anamutola ali kakang'ono potentha tchire kwawo ku Nsaru, nkumusunga zaka zisanu ndi ziwiri. Pamudzi pathu munda unali wa amayi, nkhokwe ya amayi, ngakhale mpando womwe ankakhalira unali wa atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi. Chawochawo chinali kambayo basi.

Anamumangira kakhola ka nsungwi kuseri kwa nyumba, pansi nkusiya fumbi ndi zinyalala. Ine zinandinyansa. Pa nthawiyo ndinali katswiri wozira. Akazi ankachita kubwera kudzaona khonde langa. Ndiye pakhomo panga pakhale malo osazira, anthu azinena kuti chiyani? Amuna anga ali kudimba, ndinakatapa mtsiro wakuda kudambo, ndikuzira kholalo kawiri, ndikukhulunga ndi mwala mpaka pansi kuchita kung'anima.

Nditamubwezeramo, kamba uja anaponya mwendo, tereee! Kuponya wina, tereee! Ankangopalasa malo amodzi ngati munthu wosambira pa mphasa. Atatopa analowetsa mutu, osatulukanso. Nkhwani anakana, bonongwe anakana.

Amuna anga atabwera anayang'ana nthawi yaitali, nkuti, "Mwazira bwino." Mkamwini wa miyezi isanu akanatinso chiyani? Ine ndi uchitsiru wanga ndinathokoza.

Tsiku lachinayi atsibweni anasuzumira m'kholamo. Iwowa nyama ya kamba ankaikonda koopsa, ndipo chibwerere cha amuna anga ankangomezera malovu.

"Akamwini, chiweto chikasiya kudya sitidikira kuti chiwonde," anatero. "Lamulungu tikachoka ku Misa, ngati sanadye, ndidzabwera ndi mpeni. Mwamva eti?"

Amuna anga anangowomba m'manja atanjuta. Atsibweni atachoka anandiuza motsitsa mawu, akuyang'ana pansi: "Akadyedwa ameneyu, ine ndiye nditsala ndi chiyani kuno?" Mtima wanga unati phwii. Ndinadziwa kuti kamba akalowa mu mphika, bulangete lija likwera pa phewa kubwerera ku Nsaru. Ndipo munthuyo ndinkamukonda, ngakhale sindinkadziwa kunena kwake.

Koma kuvomera kuti vuto ndi mtsiro wanga, ayi ndithu! Ndinati mwina akuzizidwa. Ndinathira makoko a mtedza pamwamba pa mtsirowo. Kutacha, nyerere zinali bii, kamba ali pakati. Ndinasesa. Mnzanga wina wa kuchitsime anati, "Ndi utitiri umenewo, amwali, ikani fodya monga timachitira ndi nkhuku." Ndinayala zinyenyeswa za fodya. Kamba anatulutsadi mutu, koma maso ali mbuu, thovu kumphuno, akuyetsemula ngati nkhalamba yosadziwa kufwenkha. Ndinasesanso, ndikutukwana mnzangayo chamumtima.

Loweruka masana ndinatopa nazo. Ndinawafunsa amuna anga mokalipa, ngati olakwa ndi iwo: "Kodi inuyo, kwanu kuja ankagona pa chiyani ameneyu?"

"Pa dothi wamba," anayankha. "Lofewa, losakaniza ndi mchenga, pamwamba masamba ouma. Amafuna pokumba."

"Nanga masiku onsewa osanena bwanji?"

"Munazira bwino kwambiri," anatero.

Ha! Ndikanatha kuwagenda ndi chipande. Ndinatenga khasu lawo lomwelo ndikuyamba kugumula. Akazi ochokera ku mtondo anaima ndi malichero awo. "Taonani, katswiri uja akulima m'nyumba!" Anaseka mpaka wina kukhala pansi. Ine misozi ili m'maso, chifukwa mtsiro umene uja unali wokongola, sindinama. Ndinasenza mchenga wa kumtsinje madengu atatu, ndikusakaniza ndi dothi, ndikuwolera masamba a msuku pamwamba.

Kamba anakhala duu kanthawi. Kenako anayamba kufukula ndi miyendo yakutsogolo, nkulowa m'masamba mpaka kutsala kamsana kokha. Koma kudya, osadya.

Lamulungu Misa sindinaimve. Titafika kunyumba, atsibweni anali kale pakholapo, atavala buluku lawo loyera la kutchalitchi, mpeni uli m'manja. Anafukula masamba nkumunyamula kamba m'mwamba kuti amve kulemera. Pakamwa pake panali pakulendewera tsamba la nkhwani lodyedwa theka.

"Wadya!" ndinakuwa. "Atsibweni, taonani, wadya!"

Asanayankhe, kamba anamasula zonse zimene anasunga sabata yathunthu. Pyooo, kuyambira pa lamba mpaka m'maondo. Akale sananame kuti kamba amanyera amene wamtola.

Kenako ndinamva phokoso lachilendo kumbuyo kwanga, ngati mbuzi yotsamwa. Anali amuna anga. Anayesa kutseka pakamwa ndi chipewa, koma zinakanika. Anaseka mpaka kugwira nsungwi za khola, pamaso pa atsibweni, pamaso pa amayi amene ankawathawa m'njira chifukwa cha ulemu. Ine ndinali ndisanamvepo kuseka kwawo chikwatirane.

Atsibweni anamuika pansi kamba mosamala, nkudziyang'ana buluku.

"Akamwini," anatero, "kachiweto kanuka kakhale. Koma inunso mwayamba kuzolowera pamudzi pano, eti?"

"Pang'ono, apongozi," anayankha amuna anga, akupukuta misozi.